Obsecrate, mneni amene Angerezi anabwereka koma osamugwiritsa ntchito

Munthu angathe kuwerenga nyuzipepala za Chingerezi mpaka kumera imvi osakumanapo ndi mawu akuti obsecrate. Komatu m'madikishonale akuluakulu alimo. Amatanthauza kuchonderera ndi mtima wonse, makamaka potchula chinthu chopatulika kuti wopemphedwayo achite mantha kukana.

Gwero lake ndi mneni wa Chilatini, obsecrare, wopangidwa polumikiza ob ndi sacrare. Sacrare ndiye kupatula chinthu kuti chikhale cha milungu, ndipo amachokera ku sacer, chopatulika. Consecrate ndi sacrifice, mawu omwe akhristu amawadziwa bwino, ndi a fuko lomwelo.

Ku Roma mawuwa sanachedwe kutsika paguwa n'kulowa m'misika ndi m'makomo. M'masewero anthabwala a Plautus, yemwe anamwalira mu 184 BC, komanso a Terence amene anabwera pambuyo pake, obsecro ali pakamwa pa aliyense: kapolo woopa chikwapu, mayi wodzidzimuka, mnyamata yemwe chikondi chamuzunguza mutu. Anali atabuntha ngati khasu lolimira tsiku ndi tsiku. Woyankhula samaganizanso za milungu. Amangotanthauza kuti chonde.

Mpingo ndiwo unawabwezera ulemu. M'Baibulo la Chilatini lotchedwa Vulgate, mutu 12 wa kalata ya Paulo kwa Aroma umayamba ndi obsecro, pamene mtumwiyo akudandaulira abale potchula chifundo cha Mulungu. M'zaka za m'ma 1400, pemphero lalitali lopita kwa Maria, lodziwika kuti Obsecro te, linkapezeka m'mabuku ambiri a mapemphero omwe mabanja opeza bwino ku France ndi ku England ankasunga m'nyumba.

M'Chingerezi mneniyu anaonekera m'zaka za m'ma 1500, nthawi yomwe ophunzira ankatola mawu a Chilatini mopanda kusankha. Ena zinkawanyansa. Mu 1553, Thomas Wilson analemba buku la luso la kuyankhula, The Arte of Rhetorique, momwe anaikamo kalata yodzaza ndi mawu otere pofuna kuseka anthu onyadira sukulu. Ambiri mwa mawu obwerekawo anakhazikika, koma obsecrate anapeza malo atatengedwa kale: wopempha anali ndi beg, beseech ndi pray, mawu aafupi omwe ngakhale mlimi ankawamva.

Chomwe chinapulumukako ndi dzina lochokera ku mneni wa Chilatini uja. Mu 1544, Thomas Cranmer, arkibishopu wa ku Canterbury, anakonza pemphero la Litany m'Chingerezi, lomwe pambuyo pake linalowa m'buku la mapemphero la Aangilikani. Muli gawo limene mpingo umapempha chipulumutso potchula kubadwa kwa Khristu, ubatizo wake, mtanda, imfa ndi kuuka kwake. Akatswiri a zachipembedzo mpaka lero amalitcha gawoli obsecrations. Koma mneni wochonderera amene Cranmer anaika pakamwa pa anthu, woti azimubwereza mzere ndi mzere atagwada, anali beseech.