Tchuthi Chino: ku Zomba Kapena ku Mangochi?

Akonzi,

Ndiloleni kampata m'nyuzipepala yathu yokondedwayi kuti ndilankhule ndi makolo komanso aphunzitsi anzanga amene akukonzeka kutenga ana kukapitidwa mphepo pa tchuthi chikubwerachi. Ndalama ndi zochepa, ulendo ndi umodzi, ndiye funso n'lakuti tilowere ku Zomba kapena ku Mangochi? Ambiri amangoti "kunyanja basi" osaganizanso kawiri. Ine kwathu ndi ku Ntcheu, ndilibe mbale kuwiri konseku, choncho ndilankhula mosakondera.

Matauni awiriwa anamangidwa ndi atsamunda. Mangochi poyamba ankatchedwa Fort Johnston, linga limene Angerezi anamanga mu 1891 m'mbali mwa Shire kuti atseke njira ya ogula akapolo m'dera la mfumu Mponda. Zomba ndiye linali likulu la Nyasaland, ndipo linakhalabe likulu la dziko lino mpaka mu 1975 pamene boma linasamukira ku Lilongwe.

Ndiyambe ndi Mangochi. Abale anga, chimene ambiri sadziwa n'chakuti tauni ya Mangochi siili panyanja ayi. Ili pa mtsinje wa Shire, pakati pa Nyanja ya Malawi ndi Malombe. Mchenga umene mumauona pa makalenda uli ku Nkopola, ku Monkey Bay ndi ku Cape Maclear, ndipo kuti mukafikeko mulipiranso galimoto ina. Tsono zimene zimachitika n'zakuti basi ya ana imangodutsa pa Boma ili liwiro, ana akuimba, kukatsikira kumadzi. Madzulo abwerako atatopa, ena atapsa ndi dzuwa, mwina wina atatengako likodzo. Mukawafunsa chimene aona amangoti "madzi".

Chikhalirecho pa Boma pomwe akudutsapo pali nsanja ya wotchi imene inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria. Pafupi pake pali mfuti yaikulu ya m'sitima ya Gwendolen, imene mu Ogasiti 1914 inakaphwanya sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba kumene. Pomwepo palinso chikumbutso cha sitima ya Vipya imene inamira mu 1946 n'kupha anthu 145. Ndi tauni yomweyi imene a Masauko Chipembere ndi anthu awo anaithira nkhondo mu Febuluwale 1965. Zina mwa zimenezi ndinkazilemba pa bolodi chaka ndi chaka, ana n'kuziloweza ngati nyimbo. Kodi si zomvetsa chisoni kuti mwana amene analoweza dzina la Harry Johnston adutse pamenepa osatsika n'komwe?

Komabe munthu atandikakamiza kuti ndisankhe kumodzi, ine ndisankha Zomba, ndipo zifukwa ndili nazo.

Choyamba ndi nyengo. Ku Mangochi kuyambira Okutobala mpaka dzinja kumatentha zedi, usiku udzudzu osagona nawo tulo. Ku Zomba mukakwera phiri kulowera ku Ku Chawe mpaka mumafuna juzi. Atsamunda aja posankha malowa ankathawa kutentha ndi malungo a kuchigwa, ndipo pamenepa pokha ndimagwirizana nawo.

Chachiwiri n'chakuti ku Zomba zinthu zili pafupipafupi, zambiri mukhoza kuziyendera wapansi. Nyumba yakale ya Residency, imene inamangidwa mu 1886 ndipo pambuyo pake inadzakhala hotela ya Masongola, ili pafupi ndi munda wa mitengo ndi maluwa wa Botanical Gardens. Nyumba ya Malamulo yakale ili komweko, mmene aphungu athu ankakumana ngakhale likulu litasamuka kale. Kuli nyumba yosungira zolembedwa zakale za dziko lino, kuli chipilala chokumbukira asilikali a King's African Rifles, agogo athu amene anakafera m'nkhondo za eni ake. Pamwamba pa phiri pali damu la Mulunguzi limene tauni yonse imamwa, dzenje la Chingwe, ndi malo aja otchedwa Emperor's View chifukwa Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia inaimapo mu 1965. Mukaima pamenepo kukacha bwino, Nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje zimaoneka poyera. Phunziro la mapu limene ine ndinkavutika nalo teremu yathunthu, mwana amalimva pa ola limodzi.

Koma chachikulu kwa ine ndi sukulu ya ukachenjede ija tinkaidziwa kuti Chancellor College, imene inasamukira ku Zomba mu 1973. Mwana wa kumudzi, makamaka mtsikana, akaona ndi maso ake anzake akutuluka m'laibulale atanyamula mabuku, amabwerera kwawo ali munthu wina. Zimenezi nyanja singam'patse.

Sindikuti ku Zomba zonse zili bwino. Mitengo ya m'phiri ikutha ndi nkhwangwa ndi moto, ndipo nyumba zina zakale zikungogumuka popanda wozilabadira. Akuluakulu a khonsolo ya mzindawu ndi a zokopa alendo, kodi mukudikira kuti zigwe kaye? Enanso amati n'kuonereranji nyumba za anthu amene ankatikhometsa msonkho ndi kutigwiritsa thangata. Ine ndimawayankha kuti njerwa zimenezo anaumba ndi makolo athu, miyala anasenza ndi iwo omwe, ndipo mwana ayenera kuuzidwa zimenezo ataima pakhomo pake penipenipo.

Inu amene mtima wanu wagona kunyanja, pitani ndithu, chambo chootcha n'chokoma ngakhale mtengo wake masiku ano ndi wolira nawo. Pempho langa n'lakuti muuze dalaivala aime pa wotchi paja kwa ola limodzi, ana atsike, awerenge okha zolembedwazo, kenaka mupitirire ku Cape Maclear kumene amishoni a Livingstonia anayamba kumanga mu 1875. Manda awo alipobe, ndipo sali kutali ndi kumene mukasambeko.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Ntcheu.