Kafukufuku wa matenda: akuyimira Dedza ndani?

Kuyambira mu 1998, ofufuza akhala akutsatira umoyo wa mabanja a ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka, pomwe bungwe la MEIRU limatsatira anthu a ku Karonga ndi Area 25 mumzinda wa Lilongwe.

Poti kuyeza magazi a anthu zikwizikwi n'kodula, pa kafukufuku wotere akatswiri kawirikawiri amasunga magazi a onse, n'kudzayeza a omwe adwala pamodzi ndi a ena ochepa osankhidwa mwamaere. Njirayi imapulumutsa ndalama, koma zotsatira zake zimanena za anthu okhawo omwe adali m'kaundula.

Kumapiri a Dedza, komwe kuzizira kumachititsa mabanja kuwotha moto m'nyumba, matenda a m'mapapo akhoza kukula mosiyana. Boma likamagawa mankhwala potengera ziwerengero za kwina, chipatala cha Dedza chikhoza kulandira zosagwirizana ndi odwala ake. Kaundula wotsatira asasiye anthu akumapiriwa.