Game of Thrones: Nthano yokoma idathera m'liwiro

Pa 19 May 2019, anthu oposa 19 miliyoni m'dziko la America adaonera ndime yomaliza ya sewero la pawailesi yakanema la Game of Thrones. Kuno kumudzi, ena mwa omwe ali ndi DStv adalephera kuupeza mtima mpaka kudzuka 3 koloko mbandakucha wa Lolemba kuti aone pa M-Net yemwe atenge mpando wachifumu womwe anthu adakhala akulimbirana m'seweromo kuchokera mu 2011.

Koma mmalo mwa nthungululu, chomwe chidamveka ndi kung'ung'udza. Seweroli lisadathe nkomwe, chikalata chopempha kampani ya HBO kuti ijambulenso chigawo chonse chomaliza ndi alembi ena chidali chitayamba kale kuzungulira. Omwe adasainira chikalatacho adapitirira 1.5 miliyoni.

Zaka zapitapo koma chilonda sichidapolebe. Lero kampani ikangolengeza kuti isandutsa mabuku a nthano kukhala sewero la pakanema, okonda mabukuwo amayamba akumbutsana kaye za Game of Thrones. Funso nkumati: chidalakwika nchiyani kuti sewero lomwe lidapata mphoto 59 za Emmy lithe anthu akulinyoza chotere?

Gwero lake ndi mabuku

Mwini nthanoyi ndi George R.R. Martin, mlembi wa ku America yemwe adabadwa mu 1948. M'zaka za m'ma 1980 mkuluyu ankalemba masewero a pakanema ku Hollywood, komwe mabwana ankamuuza kawirikawiri kuti adule nkhani zake chifukwa kuzijambula kukadadya ndalama zambiri. Atatopa nazo, adaganiza zolemba nthano yomwe palibe angamuletse kuikamo asilikali miyandamiyanda, malinga ataliatali ndi zinjoka zouluka zolavula moto.

Buku loyamba, A Game of Thrones, lidatuluka mu 1996. Ena adatsatira mu 1998, 2000, 2005 ndi 2011. Nkhani yake ndi ya mabanja achifumu a m'dziko longopeka la Westeros, monga a Stark, a Lannister ndi a Targaryen, omwe akuphana polimbirana mpando uku gulu la akufa oyenda likubwera kuchokera kumpoto kudzasesa onse. Mwa zina, Martin adatengera nkhondo zenizeni zolimbirana ufumu zomwe zidachitika ku England m'zaka za m'ma 1400.

Chomwe chidakoka owerenga si zinjoka zokha ayi. M'mabukuwa chilichonse chomwe munthu wachita chimakhala ndi zotsatira zake. Wolungama akachita zinthu mosaganiza amafa, ngakhale owerenga amukonde chotani. Palibe chimangogwa kuchokera kumwamba.

David Benioff ndi D.B. Weiss ndiwo adapatsidwa udindo wosandutsa mabukuwa kukhala sewero, lomwe lidayamba kuonetsedwa pa 17 April 2011. Koma padali vuto lomwe ambiri adalipeputsa panthawiyo: nthanoyo idali isadathe kulembedwa. Martin adalonjeza mabuku 7, ndipo awiri omaliza, The Winds of Winter ndi A Dream of Spring, adali asadatuluke.

Pomwe njanji idathera

Zigawo zinayi zoyambirira zidayenda bwino kwabasi. Alembi a seweroli ankatsatira mabuku, ndipo Martin mwini ankalemba ndime imodzi m'chigawo chilichonse. Zosintha zidalipo ndithu. Anthu ena a m'mabuku adachotsedwa, ena adaphatikizidwa kukhala munthu mmodzi. Owerenga ankadandaula apo ndi apo komabe ambiri ankamvetsa kuti buku la masamba pafupifupi 1,000 silingalowe lonse m'maola khumi.

Zinthu zidayamba kusokonekera pomwe sewero lidapeza mabuku panjira nkuwapitirira. Kanema amajambulidwa chaka ndi chaka, ana osewera amakula, ndipo kampani siyingasunge anthu mazanamazana pamalipiro podikira kuti mlembi amalize kulemba. Mu January 2016 Martin adavomera poyera kuti walephera kumaliza buku lachisanu ndi chimodzi chigawo chatsopano chisadayambe.

Kuchokera pamenepo Benioff ndi Weiss adatsala ndi mfundo zikuluzikulu zokha za mathero, zomwe Martin adawatsinako khutu atakumana kwawo ku Santa Fe mu 2013. Ankadziwa komwe ulendo ukupita koma njira yokafikira kumeneko adayenera kulambula okha.

Apa mpomwe padabwera chiganizo chomwe anthu ambiri amachiloza chala. Zigawo 6 zoyambirira zidali ndi ndime khumi chilichonse. Chachisanu ndi chiwiri chidali ndi ndime 7, ndipo chomaliza chidali ndi 6 zokha. A HBO adali okonzeka kulipira ndime zambiri, ndipo Martin adanenapo kuti nkhaniyo ikadatha kudzadza zigawo khumi kapena kuposera apo. Koma akuluakulu awiriwa adaumirira kuti seweroli lithere pa ndime 73.

Mu February 2018 kudali kutalengezedwa kale kuti awiriwa akalemba mafilimu atsopano a Star Wars. Otsatira seweroli ambiri adatanthauzira kuti mitima yawo idali itasamuka kale. Mu October 2019 awiriwo adasiyanso ntchito ya Star Wars ija atasainira mgwirizano wina ndi Netflix, ndipo okwiya aja adangoti paja mapanga awiri avumbwitsa.

Chidawawa anthu nchiyani?

Ndalama sizidali vuto. Ndime iliyonse ya chigawo chomaliza idadya madola pafupifupi 15 miliyoni, kuyerekeza ndi pafupifupi 6 miliyoni pachiyambi. Zithunzi zake zidali zochititsa kaso. Koma ambiri adati nchikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Taonani nkhani ya gulu la akufa lija. Kwa zaka zisanu ndi zitatu oonera ankauzidwa kuti imeneyi ndiyo nkhondo yeniyeni, yoposa mikangano yonse ya mafumu. Itafika, idatha m'ndime imodzi, mtsikana Arya Stark atabaya mfumu ya akufawo ndi mpeni. Kuonjezera apo, ndimeyo idajambulidwa mumdima wandiweyani moti ambiri ankayesa kuti kanema wawo waonongeka.

Chachikulu chidali cha Daenerys Targaryen, mfumukazi ya zinjoka, yemwe mbali yake ankasewera ndi Emilia Clarke. Mayiyu ankadziwika ndi kumasula akapolo, ndipo adakondedwa kwambiri moti mu 2018 mokha ana aakazi oposa 500 ku America adapatsidwa dzina loti Khaleesi, lomwe ndi udindo wake m'seweromo. Koma m'ndime yachisanu ya chigawo chomaliza, mzinda wa King's Landing utagonja kale, iye adautentha ndi moto wa chinjoka, kupha amayi ndi ana osalakwa. M'ndime yotsatira wachikondi wake Jon Snow adamubaya, ndipo ufumu udapita kwa Bran Stark, mnyamata yemwe sadaonekeko nkomwe m'chigawo chonse chachisanu.

Ukamvetsera bwino madandaulo a anthu, upeza kuti ambiri sakukana kuti Daenerys akadatha kusanduka chilombo. Zizindikiro za nkhanza zake zinkaoneka kuyambira kale. Chomwe akukana nchoti kusinthako kuchitike m'masabata awiri kapena atatu. Munthu yemwe wamangidwa kwa zaka zisanu ndi zitatu sangagumulidwe ngati chisakasa. Sewero lomwe lidatchuka chifukwa chilichonse chinkakhala ndi chifukwa chake lidayamba kuchita zinthu chifukwa choti nthawi yatha basi.

Ngakhale tizinthu ting'onoting'ono tinkaonetsa phuma. M'ndime yachinayi kapu ya khofi ya makono idaiwalidwa patebulo la phwando lachifumu, ndipo m'ndime yomaliza mabotolo a madzi apulasitiki adaoneka kumapazi kwa osewera.

Mbali inayo nayo ili ndi mawu

Sikuti onse adagwirizana ndi okwiyawo. Sophie Turner, yemwe ankasewera ngati Sansa Stark, adati chikalata chija nchosalemekeza anthu omwe adakhetsa thukuta pantchitoyo. Adali ndi mfundo. Nkhondo ya mumdima ija yokha idatenga usiku 55 kuijambula m'chisanu cha ku Northern Ireland. Osewera ambiri adali atatopa patatha zaka pafupifupi khumi ali pantchito imodzi.

A HBO nawo sadagwedezeke. Mmodzi mwa akuluakulu a kampaniyo, Casey Bloys, adanena mu July 2019 kuti zojambulanso chigawocho sadaziganizireko mozama. Chaka chomwecho chigawo chonyozedwacho chidapatanso mphoto ya Emmy ya sewero lopambana. Madzi akatayika saoleka.

Ndipo tikafuna kunena chilungamo, Martin sangasambe m'manja. Iye ndiye adagulitsa nthano yosatha, ndipo chaka cha 2025 chidatha buku lomwe anthu akhala akulidikira kuchokera mu 2011 lisadatuluke. Ngati mwini nthano akuvutika kulumikiza zingwe zomwe adaluka yekha, nkovuta kuyembekezera kuti ena azilumikize bwino m'miyezi yowerengeka.

Matendawa ngofala

Game of Thrones itapanga ndalama zankhaninkhani, makampani ena adathamangira kugula mabuku a mtundu womwewo. Mavuto omwewo adawatsatira.

Netflix idayamba kuonetsa The Witcher mu 2019, kuchokera m'mabuku a Andrzej Sapkowski wa ku Poland. Owerenga adadandaula kuti seweroli likupatuka kwambiri pa zomwe zili m'mabuku. Mu October 2022 kutalengezedwa kuti Henry Cavill, katswiri yemwe amadziwika kuti amakonda mabukuwo, akusiya ndipo mmalo mwake mulowa Liam Hemsworth, mkwiyo udabuka ndipo chikalata china chidazungulira.

Kwa okonda The Wheel of Time zidatembenuka. Mabuku ake 14 adatha kulembedwa, ngakhale kuti mwini wake Robert Jordan adamwalira mu 2007 ndipo Brandon Sanderson ndiye adamalizitsa. Amazon idayamba kuonetsa seweroli mu 2021 koma mu May 2025 idaliimitsa patangotha zigawo zitatu. Apa mabuku ali ndi mathero, sewero ndiye lidafera panjira.

Naye Martin adalawa zomwe owerenga ake akhala akulawa. Mu 2022 HBO idayamba sewero lina, House of the Dragon, kuchokera m'buku lake la Fire & Blood la mu 2018. Mu September 2024 mkuluyu adadzudzula poyera kuchotsedwa kwa kamwana kotchedwa Maelor m'seweromo, ponena kuti kusintha kooneka kochepa kotere kumakasokoneza zinthu zikuluzikulu kutsogolo.

Nanga nthano nja yani?

Pamalamulo yankho nlosavuta. Nthano nja mlembi, ndipo akagulitsa ufulu wojambula, kampani imachita zomwe yafuna. Woonera alibe gawo. Komanso ziwerengero zikuonetsa kuti okwiya omwewo amabwereranso: anthu pafupifupi 10 miliyoni ku America adaonera ndime yoyamba ya House of the Dragon usiku woyamba. Malinga ngati anthu akuonerabe, makampani sangaope zikalata.

Komabe pali ngongole ina yomwe siyilembedwa papepala. Tonse tidakula tikudziwa kuti wokamba nthano akayamba, omvera amavomera kuti tili tonse. Mawu amenewa ndi pangano. Omvera akulonjeza kuti sagona, ndipo wokamba akulonjeza kuti awafikitsa bwino kumathero. Gogo yemwe wautsa ana mpaka pakati pa usiku nkumaliza nthano m'mawu awiri chifukwa tulo tamupeza, mawa ana sabweranso pamoto ndi mtima womwe uja.

Nchifukwa chake mkwiyo wa otsatira Game of Thrones suyenera kutengedwa ngati chibwana. Anthu adapereka zaka zawo ndi ndalama zawo, ena mpaka maina a ana awo. Sadapemphe mathero osangalatsa, poti ankadziwa kale kuti nthanoyi ilibe chisoni. Adangopempha kuti omwe adayamba nawo ulendo modekha aumalizenso modekha. Paja akulu adati kuthamanga sikufika.

Kwa makolo omwe angakopeke kuti alifunefune seweroli, dziwani kuti muli zamaliseche ndi kukhetsa mwazi kwambiri, choncho si loonera pamodzi ndi ana pabalaza. Ndipo kwa omwe akufuna kudziwa momwe mwini wake akadaimalizira nthanoyi, njira ndi imodzi yokha: kudikira Martin, yemwe adakwanitsa zaka 77 mu September 2025.