Dimba la Pakhomo: Yarrow Tibzale Liti Kuno ku Goliati?

Timapaketi ta mbewu tochokera ku Britain kapena Canada timati yarrow afesedwe pakati pa Malichi ndi Meyi. Malangizowo ndi oona, koma ndi a kwawo. Kumeneko nthaka imauma gwa ndi chisanu, ndiye mlimi amayamba kufesa m'nyumba milungu 6 mpaka 8 chisanu chomaliza chisanathe, kenako n'kuwokera panja kukafunda. Kuno miyezi yomweyo mvula imakhala ikukata, ndipo kuzizira kwa Juni ndi Julayi kumakhala kuli pakhomo. Wotsatira paketi mwezi ndi mwezi adzakumanitsa mbande zanthete ndi chiperoni.

Kwa amene simunamuonepo, yarrow ndi therere la masamba onga nthenga, ofananako ndi a karoti, lotulutsa timaluwa toyera towunjikana pamwamba. Dzina lake la sayansi ndi Achillea millefolium. Ku Ulaya anthu akale ankaika masamba ake pabala kuti magazi aleke, ndipo ena amamwa ngati tiyi akadwala chimfine.

Kuzizira kwa ku Thyolo sikungamuphe. Amapirira chisanu choposa chathu kutalitali. Mdani wake kuno ndi madzi. Mizu yake imaola m'dothi lodikha madzi, ndipo nkhungu ya masiku ambiri imabweretsa nguwi pamasamba. N'chifukwa chake ine ndimati fesani kumapeto kwa Ogasiti kapena mu Seputembala, kukayamba kufunda. Njere zake ndi zazing'ono ngati za fodya, ndipo zimafuna kuwala kuti zimere. Musazikwirire. Ziwazeni pamwamba pa dothi losefa la m'beseni lobooka, tsenderani ndi chikhatho, n'kumathirira pang'onopang'ono kuti zisakokoloke. Zimamera pakatha milungu iwiri kapena itatu. Mvula yobzalira ikagwa mu Novembala, wokerani pamzere wokwera, kutalikitsa masentimita 30 mpaka 45, kuti mvula yamphamvu ya Januwale idzapeze mizu itagwira.

Ngati mnansi ali naye kale, musavutike ndi njere. Pemphani phata, mugawe ndi khasu mu Malichi kapena Epulo, dothi likadali ndi chinyezi.

Malo akhale apadzuwa, osati pansi pa nthochi kapena mapeyala. Manyowa a ng'ombe, omwe kuno sasowa, asachuluke, chifukwa chomerachi chikanenepa chimagwa. Dothi lokondedwa ndi tiyi limakhala la asidi wambiri, choncho kaphulusa pang'ono pamzerepo sikangalakwike. Amayanga pansi ngati kapinga, ndiye musamuyandikize ku bedi la tomato. Musamuponyerenso m'khola: ng'ombe ikadya wambiri, mkaka umamveka kuwawa.

Pa zakumwa ndiye tisamale. Mayi woyembekezera asamwe n'komwe, ngakhale woyamwitsa apewe. Amene akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana, monga warfarin, afunse kaye dokotala. Ena khungu limatuluka zidzolo akangomugwira. Komanso masamba ake amasokoneza anthu ndi a Artemisia, mpaka wina n'kuganiza kuti wapeza mankhwala a malungo. Ayi. Mwana akatentha thupi, mutengereni kuchipatala tsiku lomwelo akayezedwe magazi. Ndipo bala lakuya la khasu kapena chikwanje likufuna kutsukidwa ndi jakisoni wa kafumbata, osati tsamba.