Kulapa Sikufuna Chilonda

M'mizikiti ya m'maesiteti a tiyi ku Thyolo, kuyambira ku Satemwa mpaka ku Makwasa, m'mizere ya Swala mumaimanso anyamata amene ali ndi zojambula pamikono. Ena anazitenga ku Joni, ena anajambulitsa asanalowe Chisilamu. Maso athu amakhala pamikono yawoyo kuposa pachibula, ndipo Swala ikatha sipalephera kupezeka wowanong'oneza kuti mapemphero awo sakulandiridwa. Munthu wouzidwa zimenezi amatha kugwira chilichonse, ndipo makanema a pafoni amamupatsa chogwira: akuti uumitse khungu ndi kuzizira, chojambulacho chisupuka chokha. Ife tikuti langizo limeneli ndi loipa, ndipo woyambitsa manthawo ali ndi gawo pa chilonda chimene chingabwere.

Inki ya tatuu siikhala pamwamba. Singano imaisiya m'kati mwa khungu, pafupifupi mamilimita 1 kapena 2, n'chifukwa chake siichoka ndi sopo. Kuti kuzizira kuifikire, kuyenera kupha mnofu wonse wa pamwamba pake. Madzi oundana osakaniza ndi mchere amatsika mpaka madigiri 21 pansi pa ziro, ndipo amawotcha ngati moto. Nayitrojeni wamadzi, yemwe alangizi a ng'ombe zamkaka amasungiramo umuna wa nkhunzi, amafika madigiri 196 pansi pa ziro. Timaselo timene timapatsa khungu mtundu wake timafa msanga ndi kuzizira kuposa tina tonse. Alimi a m'maiko ena amadinda ng'ombe ndi chitsulo chozizira chifukwa chomwecho, pakuti ubweya umamera woyera. Pakhungu lakuda ngati lathuli pamatsala chigamba choyera, nthawi zina chipsera chotupa chimene chimakula kupitirira bala, inkiyo ili pomwepo. Ngakhale madokotala amene amachotsa njerewere ndi nayitrojeni, pa tatuu anatembenukira ku makina a leza, amene amaswa inki pang'onopang'ono maulendo angapo. Makinawo ndi okwera mtengo kwa wothyola tiyi, sitikukana. Koma kusowa ndalama sikusandutsa mchere kukhala mankhwala.

Tsono tiganizire mkono umenewo. Ndi womwe umathyola masamba m'mame, mvula ikugwa, kuyambira Disembala mpaka Epulo pamene tiyi amaphuka kwambiri. Bala lonyowa tsiku lonse limachita mafinya. Masiku amene munthu wagona ku chipatala cha boma cha Thyolo, kapena watumizidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre, dengu lake silifika pasikelo, ndipo ana kunyumba amadya malinga ndi sikeloyo. Wonong'oneza uja sabweretsa ufa.

Wina anena kuti tikupeputsa tchimo. Ayi. Kujambulitsa pakhungu ndi haramu, hadisi zake zili mu Bukhari ndi mu Muslim, ndipo mnyamata amene akufuna kukajambulitsa lero timuletse ndi mawu onse. Koma ma ulama a mazihabu a Shafi'i, amene ambiri mwa ife timatsata, anaimaliza kalekale nkhani ya wojambulitsa kale. Imam an-Nawawi ndi Ibn Hajar al-Asqalani anafotokoza kuti chojambulacho chichotsedwe ngati zingatheke popanda kuvulala. Ngati pali mantha a kuwonongeka kwa chiwalo kapena chilema choonekera, sichikakamizidwa kuchotsedwa, ndipo kulapa kumakwanira. Amr ibn al-As atafuna kuika malire polowa Chisilamu, Mtumiki (Mtendere ndi Madalitso zikhale pa iye) anamutsimikizira kuti Chisilamu chimafafaniza zakale. Nanga agogo athu Achilomwe ndi Achiyawo amene anatemedwa mphini ali atsikana, tiwatumenso kukasenda nkhope? Sitinamvepo shehe wanzeru akulamula zimenezo, ndipo akhala akuswali nafe zaka zonsezi.

Mashehe a m'madera a tiyi alankhule nkhaniyi pa khutuba ya Lachisanu, momveka, m'Chichewa, ndipo atchule dzina la an-Nawawi kuti onong'oneza amve kuti akutsutsana ndi yani. Amene chojambula chikumusowetsabe mtendere apite kwa dokotala wa khungu ku Queen Elizabeth akafunse chimene chingatheke, ndipo poyembekeza avale malaya a mikono yaitali, aime pamzere woyamba.