Micron Imeneyi N'chiyani kwa Mayi wa Pamsika?

Mu 2015 boma la Malawi linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60. Makampani ena anathamangira kukhoti, ndipo mu 2019 Khoti Lalikulu la Apilo linagamula kuti chiletsocho chikhalepobe. Nkhaniyi inamveka pa wailesi ndi m'nyuzipepala. Koma kafunseni mayi wogulitsa tomato pa Lizulu kuti micron n'chiyani. Angokuyang'anani, kenako n'kukuikirani tomato wanu mu jumbo.

Mayiyo sanalakwe. Asayansi ndi maloya amafuna mawu oyeza chinthu ndendende, ndipo kukhoti mawuwo ndi ofunika. Koma akangothera komweko, nkhani ya chilengedwe imasanduka ya ophunzira okha, pamene zinyalalazo zili pakhomo pathu.

Micron ndi muyeso wa kuchindikala kwa chinthu. Onani milimita imodzi pa lula ya mwana wanu, muigawe magawo 1,000. Gawo limodzi ndiye micron. Tsitsi limodzi la munthu limachindikala ma micron pafupifupi 50 mpaka 100. Choncho lamuloli likunena timajumbo toonekera mkati tija, tong'ambika musanafike kunyumba.

Jumbo yotere imagwira ntchito kamodzi n'kutayidwa, koma siwola ngati tsamba la nthochi. Imatseka ngalande, madzi n'kudikha, udzudzu n'kuswana. Mbuzi ikaidya, imatsekeka m'mimba, imawonda, mwinanso kufa. Tikakolezera mbaula, utsi wake umalowa m'mapapo a mwana ali kumbuyo. Mayi Gloria Majiga-Kamoto, amene analandira mphoto ya Goldman mu 2021 chifukwa cholimbana ndi mapulasitikiwa, anakhudzidwa ataona mbuzi za alimi zikufa. Za mbuzi aliyense amamva, safuna womasulira.

Pa 1 Akorinto 14:9, Paulo akuchenjeza kuti mawu osamveka amangopita ndi mphepo. Ife ophunzitsa zaumoyo mumpingo chenjezo limeneli likutikhudza. Tikaima kutsogolo Sabata masana n'kumatchula mawu akuluakulu a m'mabuku, agogo amagwedeza mutu mwaulemu, koma Lamulungu m'mawa mbaula amakolezerabe jumbo. Mawu a sayansi tisawathawe; tiwaphunzire, kenako tiwanene m'chilankhulo cha kukhitchini ndi kukhola.

Mlengi anapatsa Adamu ntchito yolima ndi kusunga munda, ndipo ntchitoyo siinathere mu Edene. Sabata ino isanafike, chitani zitatu izi pakhomo panu. Popita kumsika tengani dengu kapena thumba lansalu. Amayi a Dorika angathe kusoka matumba otere ndi zitenje zakale. Chakudya chotentha, monga tchipisi, muziika m'mbale yovundikira osati mu jumbo. Pokoleza moto gwiritsani ntchito zitsononkho kapena timitengo touma. Mwana akafunsa chifukwa chake, mufotokozereni za ngalande, mbuzi ndi mapapo ake.