Bokosi la Mankhwala Lokha Silipulumutsa Munthu

Chigwa cha Henga m'boma la Rumphi ndi dera la anthu akhama pa ntchito. M'mbali mwa mtsinje wa South Rukuru, kuchokera ku Njakwa kudzera ku Mzokoto mpaka ku Phwezi, alimi amalima fodya ndi chimanga chodyetsa mtundu. M'mapiri a kumpoto kwa chigwachi, ku Kaziwiziwi ndi ku Mchenga, anthu anayamba kukumba malasha m'zaka za m'ma 1980. Msewu waukulu wa M1 umadutsa momwemo usanatsike zitunda za Chiweta. Ichi ndi chitukuko chimene tonse tikunyadira. Koma paliponse pamene pali nkhwangwa, makina, moto ndi mankhwala a mbewu, ngozi siikhala patali. Akuluakulu anati tsoka silinunkha.

Tikanena za ngozi za pa ntchito, ambiri amakumbukira zazikulu zokha, monga ya mgodi wa malasha wa Wankie m'dziko limene tsopano ndi Zimbabwe, kumene mu June 1972 anthu oposa 400 anafa tsiku limodzi, ena mwa iwo Amalawi anzathu. Komatu ngozi zimene zimatilanda anthu kawirikawiri ndi zachete: mnyamata wodzitema pa mwendo podula mitengo ya chigafa, mayi womwa mankhwala a fodya mosadziwa, mmisiri wogwa pa denga, wokumba wopsinjidwa ndi mwala. Anthu otere amafa mmodzimmodzi, ndipo ambiri sakanafa pakanakhala mnzawo wodziwa chochita.

Chifukwa chake nchosavuta kumva. Munthu wodulidwa mtsempha waukulu atha kutaya magazi ndi kufa m'mphindi zochepa. Munthu woleka kupuma amayamba kuonongeka ubongo pakangopita mphindi 4 mpaka 6. Tsono kuchokera ku munda kapena ku mgodi kukafika ku chipatala cha pa Mhuju, ku chipatala cha boma ku Rumphi, kapena kukwera phiri kunka ku David Gordon Memorial ku Livingstonia, si ulendo wa mphindi 6. Nthawi ya dzinja misewu ya fumbi imasanduka matope. Kotero dokotala woyamba wa munthu wovulala ku Henga ndi mnzake amene waima naye pafupi. Funso ndi lakuti: kodi mnzakeyo anaphunzitsidwa? Nanga udindo womuphunzitsa ngwa yani?

Yankho lake lili m'malamulo a dziko lino. Lamulo la 1997 loona za chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pa ntchito linaika udindo umenewu pa mapewa a wolemba ntchito: kusamala moyo wa antchito ake, kuwalangiza, kuwaphunzitsa ndi kukonzeratu chithandizo choyamba. Mu 2019 dziko la Malawi linavomereza pangano nambala 155 la bungwe loona za ntchito pa dziko lonse la ILO, limene limanena kuti olemba ntchito akonzekere ngozi ndi chithandizo choyamba chokwanira, ndiponso pangano nambala 184 lonena za chitetezo cha ogwira ntchito za ulimi. Ndiye kuti mwini esiteti sanganene kuti nkhaniyi nja m'mafakitale a ku Blantyre okha. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa mchitidwe wa matenanti. Wogwira ntchito m'munda wa fodya ndi wantchito monga wina aliyense, ndipo moyo wake uli m'manja mwa womulemba.

Ena mwa olemba ntchito amaganiza kuti akagula bokosi la mankhwala ndiye kuti udindo wawo watha. Bokosilo amalikhoma mu ofesi, makiyi napita nawo kapitawo ku msika. Ena mukalitsegula mupezamo botolo louma ndi bandeji imodzi ya chaka chatha. Kumeneku nkudzinamiza. Bokosi lilibe manja. Popanda munthu wophunzitsidwa, anthu achifundo amachita zimene anamva kumudzi: amathira dothi pa bala, amapaka mafuta kapena mazira pa chilonda cha moto, amamwetsa mkaka womwa mankhwala a mbewu namukakamiza kusanza, amatema ndi kumanga zolimba polumidwa ndi njoka, amanyamula chigonkhonono munthu wothyoka msana. Zonsezi amachita mwachikondi, koma zimaonjezera vuto.

Munthu wophunzitsidwa amadziwa kupsinja bala ndi nsalu yoyera kufikira magazi ataleka. Amadziwa kuthira madzi ozizira pa chilonda cha moto kwa mphindi 20. Amadziwa kuvula wodwala zovala zonyowa ndi mankhwala, kumusambitsa, ndi kutenga botolo la mankhwalawo kunka nalo kwa adokotala. Amadziwa kuti chizungulire ndi kusanza kwa wothyola fodya wonyowa kutha kuchokera ku ululu wa fodyayo wolowa pa khungu. Amadziwa kupsinja chifuwa ka 30 ndi kupumira mkamwa kawiri kwa munthu woleka kupuma. Nzeru zimenezi sizifuna sukulu ya ukachenjede. Zimafuna masiku owerengeka ndi mphunzitsi wodziwa, ndipo bungwe la Malawi Red Cross ndi la St John akhala akuphunzitsa zimenezi kwa zaka zambiri.

Chifukwa cha ichi tikupempha olemba ntchito onse a ku Henga, aakulu ndi aang'ono omwe, kuti achite izi. Asankhe antchito oti aphunzitsidwe, osati mmodzi yekha, popeza mmodziyo atha kudwala kapena kupita ku maliro. Gulu lililonse, la usana ndi la usiku, likhale ndi wake. Maphunzirowo alipire ndi bwana, achitike pa nthawi ya ntchito popanda kudula malipiro, ndipo aperekedwe m'Chitumbuka kapena m'Chichewa, chinenero chimene antchito amamva, nabwerezedwe nthawi ndi nthawi kuti asaiwalike. Bokosi likhale kumene kuli ntchito, losakhoma, lodzaza, pamodzi ndi machila. Ndiponso aliyense adziwiretu galimoto imene idzanyamule wovulala, woyendetsa wake ndi chipatala chopitako. Kuyamba kufunafuna mafuta a galimoto munthu ali chigonere m'magazi ndi kuchedwa kosakhululukika. Alimi aang'ono amene sangathe okha asonkhane m'makalabu awo naitane mphunzitsi mmodzi.

Alipo amene adzati zimenezi nzodula. Tiwakumbutse kuti walira mvula walira matope: wofuna phindu la thukuta la mnzake avomerenso mtengo wosunga moyo wake. Lamulo la 2000 la chipukuta misozi cha antchito linalamula wolemba ntchito kulipira wantchito akavulala kapena kufa pa ntchito. Mtengo wa maphunziro ndi wochepa poyerekeza ndi umenewo, ndipo palibe ndalama imene ingabwezere ana bambo wawo.

Atsogoleri a chipani m'nthambi ndi m'madera, pamodzi ndi mafumu athu, ali ndi mbali yawo. Pa misonkhano ya chitukuko afunse poyera: pa esiteti pano wophunzitsidwa ndani? Bokosi lili kuti? Akapeza kunyozera adziwitse a ofesi ya za ntchito, mwaulemu ndi mwa mwambo. Nanunso antchito, mukaitanidwa ku maphunziro pitani ndi mtima wonse, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chuma cha Henga si fodya ndi malasha okha, koma anthu amene amalawira m'mamawa kukazigwirira ntchito. Wolemba ntchito wokonda dziko lake aonetsetse kuti aliyense wa iwo wabwerera kwa banja lake madzulo.